Ndinati Mabuleki Ndiwo Akulira

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu Amayi anga akungomwa tiyi basi. Mlandu wake uli pa galaja ya kuseri kwa msika pa boma, ya chitseko cha malata obiriwira, imene mwini wake aliyense amangomuti a Folomani. Akuti masiku ano pakamwa panatseguka, munthu akhoza kunena zakukhosi osacheuka. Chabwino, ine ndinena.

Amene mumayenda msewu wa ku Benga mukundidziwa. Ndine Agnesi, mayi uja wa galimoto yofiira yaitali mphuno, ya zitseko ziwiri, imene ana anaipatsa dzina loti Mvuu chifukwa cha kaliridwe kake. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa boma. Kwathu ndi makilomita 18 kum'mwera. M'mawa ndimapita, madzulo ndimabwerera, tsiku ndi tsiku, pa injini ya masilinda eyiti imene anaipangira misewu ya eni ake, osati maenje athuwa. Petulo amene pikapu ya matola imayendera masiku atatu, iyo imamaliza tsiku limodzi. Kamwala kalikonse kamaikanda kumimba. Mvula ikagwa imavina pamatope ngati yaledzera. Anzanga ku ofesi amati ndinakwatiwa ndi galimoto, ndipo mwamuna wangayo ndi chidakwa. Ndimaseka nawo. Sindine wopusa, ndikudziwa kuti matola ndi otchipa.

Chimene sadziwa ndi ichi. Galimotoyi inali ya achimwene anga a Barnaba. Anathawa m'dziko muno ine ndili mtsikana, nthawi ija anthu ankasowa osatsanzika. Anadzera ku Zambia, kenako anakafika ku Joni, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri sitinkadziwa ngati ali moyo. Titavota kuti zipani zichuluke, tsiku lina masana tinangomva chiphokoso kumsewu, nkhuku kuthawa, agalu kuuwa. Anali iwo, imvi mbuu, akutsokomola, ali m'chigalimoto chimenechi.

Amayi anali atachita kale khungu ndi ng'ala, nzeru nazonso zitayamba kupita ndi kubwera. Nkhope ya mwana wawo sanaione. Chimene anachidziwa ndi mawu a galimoto. Achimwene ankandiperekeza kuntchito ndi kudzanditenga, ndipo tikafika pa mtengo wa mango pokhotera kwathu ankaponda mafuta kawiri, vuu, vuu. Amayi amvekere, “Wabwera Barnaba, bweretsani chakudya.”

Anakhala nafe miyezi isanu ndi iwiri yokha. Chifuwa chija chinawatenga. Amayi pamaliro analipo, analira, dothi anaponya ndi dzanja lawo. Koma patatha sabata mutu wawo unaitaya nkhaniyo, n'kuyamba kukana chakudya. Ankati adya Barnaba akabwera. Tinayesa zonse, ngakhale amayi a chigwirizano cha kutchalitchi anabwera kudzawanyengerera, koma ayi.

Tsiku lina ndinangoti ndilize injini kuti batire lisafe, poti achimwene anali atandiphunzitsa kuyendetsa. Ndinaponda kawiri osaganiza. M'nyumba ndinamva, “Wabwera.” Anadya mbale yonse ya mpunga. Sanafunse kuti alowe adzawapatse moni, anangoti, “Musiyeni apume, watopa.” Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda pa Mvuu chaka ndi miyezi inayi, ndipo Amayi akhala akudya. Zinkandiwawa tsiku lililonse pa mtengo wa mango paja, koma ndinkaponda.

Tsopano mverani zimene andichita.

Lolemba la sabata yatha, nthawi ya 7:20 m'mawa, ndinafika pa galaja paja. Ndinawapeza a Folomani akumwa tiyi m'chitini. Ndinati, “Bambo, mabuleki akutsogolo akulira ndikaponda. Mundionereko.” Mawu anga anali amenewo, osaonjezera, osachotsera. Iwo anali akumvetsera wailesi, nkhani za ndale. Anatola choko n'kulemba pagalasi lakutsogolo kuti IKULIRA. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinati, “Mabuleki, bambo.” Anati, “Tamva, mayi, ifetu ndi ntchito yathu. Mubwere folo koloko.”

Folo koloko ndinabwera. Galimoto ili pamiyala, matayala onse ali pomwepo, munthu ali pansi pake ndi moto wowotcherera. Ndinafunsa kuti kodi mabuleki amakhala kumbuyo kuno? Anati akuona zina ndi zina, ndibwere mawa.

Ndinakwera matola. Kunyumba Amayi anafunsa kuti bwanji Barnaba sanamveke. Ndinati wagona pa boma, galimoto yavuta. Mpaka tsiku limenelo ndinali ndisananamepo ndi pakamwa panga. Galimoto ndiyo inkandinenera, ine n'kumangokhala chete. A Folomani, bodza loyamba limenelo munandinenetsa ndinu.

Lachiwiri anati magetsi anazima. Lachitatu anati wowotcherera wapita kumaliro ku Nkhunga. Masiku onsewo Amayi ankadya motola, masipuni atatu, anayi, khutu lili kumsewu. Lachinayi nthawi ya 3:30 anati yatheka. Anandipatsa kiyi akumwetulira ngati munthu amene wakubisira mphatso.

Ndinaliza. Ndinayesa kuti yakana. Ndinapotozanso kiyi, sitata n'kukukuta, ndiye ndinazindikira kuti injini ikuyenda kale. Inkangonong'ona. Ndinatsika n'kusuzumira kumbuyo. Mapaipi awiri onyezimira otulutsa utsi, amene achimwene ankawapukuta Loweruka lililonse, panalibe. M'malo mwake panali kapaipi kamodzi ka dzimbiri, kotuluka m'chisailensa, chotontholetsa phokoso, cha pikapu ina yakufa imene yakhala pabwalo pawo zaka zambiri.

“Mwatani apa?”

“Munati ikulira, mayi. Ndiye taitontholetsa.”

“Ndinati mabuleki.”

“Aa, mabuleki ndi nkhani yaing'ono, adzasiya okha. Vuto lenileni linali phokoso lija. Galimoto ya mzimayi siyenera kukuwa chonchija, anthu amakunenanitu. Ndipo musadandaule, sailensayi sindikulipiritsani. Ndi ya banyira.”

Banyira. Ngati ndimagula usipa pamsika. Ndani anakupemphani banyira, a Folomani? Ndani anakutumani kuti mundichotsere manyazi amene ine ndinalibe? Ndipo kuti mudziwe, potuluka pa geti lanu ndinaponda mabuleki, ndipo analira mofanana ndi Lolemba. Masiku anayi, chinthu chimodzi chokha chimene ndinakutumani simunachikhudze n'komwe.

Ndinati ndipite kaye kunyumba, mwina Amayi amvabe kenakake. Pa mtengo wa mango ndinaponda kawiri. Palibe chinamveka, ngakhale nkhuku sizinasunthe. Ndinalowa pabwalo nthawi ya 5:15, dzuwa likadalipo, matayala okha akulira pamiyala.

Amayi anali pamphasa pakhonde. Ndinawaona akudzuka, munthu woti kudzuka amachita kugwiridwa mkono. Anapapasa khoma, nkhope itatembenukira kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuitana ndi mawu otsitsa, amene sindinawamve chiyambire ndili mtsikana.

“Barnaba, thawa. Abweranso. Dzera m'chinangwamo, usapite kumsewu.”

Ndinali nditaiwala, kapena ndinkayesa kuti ndinaiwala. Tsiku limene anadzatenga bambo athu, amene anali mphunzitsi, galimoto inabwera chomwecho. Anaizimitsa injini kumsewu n'kuisiya itsetsereke yokha mpaka pakhomo, kuti munthu asamve n'kuthawa. Tinangomva matayala pamiyala. Bambo anatuluka atavala malaya osamanga mabatani, ndipo sanabwerenso. Achimwene anadzera m'munda wa chinangwa tsiku lomwelo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndi zoona, koma kwathu kuno tinaphunzira kuti galimoto yobwera mwakachetechete siibwera ndi zabwino.

Ndinathamanga n'kuwagwira. Ndinati ndine Agnesi, palibe wabwera. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kufunsa kuti, “Wapulumuka?” Ndikanayankha kuti chiyani? Kuyambira madzulo amenewo sanadyenso.

Lachisanu 7 koloko ndinali pa galaja. Ndinati bwezerani mapaipi anga momwe analili. A Folomani anayamba kuyang'ana uku ndi uku, kutukula matayala akale, kufunsa anyamata awo ngati awaona. Sewero limenelo linatenga mphindi makumi anayi. Pomaliza anati zitsulo zotsala pa ntchito zimakhala za galaja, ndi lamulo lawo. Lamulo limeneli linalembedwa pati? Anati anaziwotcherera kale n'kupanga nangula, ndipo msodzi wina wa ku Ngala anagula Lachitatu. Lachitatu lomwe lija wowotcherera anali kumaliro ku Nkhunga. Kaya nangulayo anadziwotcherera yekha.

Ndinawafotokozera za Amayi. Zonse, pamaso pa anyamata awo, zinthu zimene sindinauzepo ngakhale anzanga a ku ofesi. Anakanda mutu n'kunena kuti, “Mukanatiuzatu, mayi.” Ndiye kuti munthu popereka galimoto kuti aione mabuleki azifotokoza kaye maliro onse a pamtundu pake? Inuyo kufunsa kunakukanikani? Akulu anati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinu, phula akudya ndi mayi anga.

Loweruka ndinapita ku Ngala, ulendo wa petulo wa sabata yathunthu. Ndinafika cha m'ma 11 dzuwa likuswa mtengo. Msodziyo ndinamupeza akusoka ukonde, bambo wachikulire waulemu wake, dzina lake a Juma. Ananditengera ku bwato lake n'kundionetsa. Mapaipi aja anawadula zidutswa zinayi, kuwaphwanya ndi hamala, kuwapinda ngati mbedza, n'kuwawotcherera ku chitsulo cha ekiselo ya galimoto. Pena ndi pena pankanyezimirabe. Nditamuuza nkhani yonse anati, “Pepani mama. Ine ndinkayesa ndagula chitsulo. Tengani, sindingaponyenso m'madzi chinthu chotere.” Ndinamuthokoza, koma ndinamusiyira. Ndikanapita nacho kuti? Munthu amene sanandilakwire ndiye anapepesa.

Lolemba ndinabwereranso kwa a Folomani. Nzeru yawo inali yakuti, “Ngati mukufuna phokoso, phokoso si vuto.” Anatenga tchizulo n'kuboola sailensa ija malo atatu. Zoona, phokoso linabwera, lophwephwetera ngati chigayo chakutha. Ndinapita nalo kunyumba ndili ndi kachiyembekezo kopusa, ndipo pa mango ndinaponda kawiri. Amayi anapendeketsa mutu n'kunena kuti, “Thirakitala ya ku nzimbe yasochera.” Munthu wosaona simungamunamize ndi khutu. Amadziwa mawu a mwana wawo.

Kuchipatala ndawatengera. Anati m'thupi mulibe matenda, ndiwanyengerere adye. Ndafunsa amakaniko awiri ena. Onse akuti mapaipi otero kuno sapezeka, mwina ku Joni, ndipo ngakhale atapinda ena, mawu sangafanane ndendende. Usiku sindigona bwino. Ndikamayendetsa ndimadzipeza ndikuyang'ana mpando wa pambali, ngati pali munthu amene akudikira kuti ndimufotokozere chimene ndachita ndi galimoto yake. Ndine ndinaipereka ndi manja anga. Ndinaona choko chija, ndinaona mawu olakwika pagalasi, ndipo ndinachoka chifukwa ndinkaopa kuchedwa kuntchito.

Inu amene mumasiya galimoto, njinga yamoto kapena injini ya bwato pa galaja imeneyi, lembani nokha papepala chimene mukufuna, awerenge mokweza inu mukumva. Osachoka. Khalani pamwala pomwepo mpaka amalize, ndipo kachitsulo kalikonse kamene achotse mukatenge m'manja. Akakuuzani za banyira, kanani.

Ndipo inu a Folomani, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi. Ndikufuna mundiuze kuti mapaipi ofanana ndi aja muwapeza kuti, ndipo liti. Musandiuze kuti mawa.

Dzana ndi pamene ndinadziwa kumene chakudya cha Amayi chikupita. Sakutaya ayi. Tikawapatsa mbale amadikira tituluke, n'kukhuthulira m'kansalu, kumanga mfundo, kubisa kumutu kwa mphasa. M'mawa ndikunyamuka anandikoka chitenje n'kundipatsa kamtolo kaja, mpunga ndi nsomba zadzulo. Anandinong'oneza kuti, “Iwe umagwira ntchito ku boma, ukafunse kumene akumusunga Barnaba. Kumeneko sawapatsa chakudya. Ukamuuze kuti ine ndakhuta.”

Dzulo anandipatsa kena. Lero kena. Timitolo titatu tili pa mpando wakumbuyo, sindinathe kutaya ngakhale kamodzi. Mawa 7:20 ndikubwera nato pa galaja panu, ndidzatiika pa benchi pamene mumamwera tiyi. Inu amene mumadziwa chimene munthu akufuna asanakuuzeni, mudzandiuze kuti ndikapereke kwa ndani.