Pepala la Aneba pa Makina a Fotokope

Pepala limene mwini wake ananena kuti lisaonedwe ndi munthu aliyense, ine ndinalitenga n'kupita nalo kumsika wa Zingwangwa kukalichita fotokope. Ndinapita nditavala jekete, ndikuyenda ngati munthu wodziwa chimene akuchita.

Pepalalo silinali langa. Linali la aneba athu a kuseri kwa mpanda, mayi wamasiye wa ku Nsanje amene amagulitsa tomato ndi anyezi pakhomo pawo. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito ku Joni, ndipo atabwera pa Khirisimasi chaka china anawasiyira kapepala kopinda kanayi. Anati ndalama zake za pa intaneti, zija amati kiripito, zili pamenepo, chifukwa kumene amakhala foni sichedwa kubedwa. Amayiwo anakaika m'buku lawo la mapemphero n'kumapita nako kutchalitchi Lamulungu lililonse, osadziwa bwinobwino kuti anyamula chiyani.

Dzinja lina mphepo inasasula denga la mbali imodzi ya nyumba yawo. Mwana uja anatumiza mawu kuti amayi apeze munthu wokhulupirika, asamutse ndalamazo kuchoka papepala kupita m'chikwama cha pa foni yawo, za malata zikaonekera pamenepo. Munthu wokhulupirikayo ndinali ine.

Ndifotokoze chifukwa chake. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma kuwerenga sindinalekeze. Zaka zambiri ndinali mesenjala mu ofesi ina ku Limbe, ndipo chilichonse chimene ankandituma nacho, ngati sichinamatidwe, ndinkachiwerenga m'minibasi. Nditapuma ntchito, anthu a m'dera lathu anayamba kundibweretsera makalata a kuchipatala, mafomu a sukulu, ngakhale timapepala ta m'mabokosi a mankhwala. Ine ndimavala magalasi, n'kutsokomola pang'ono, n'kumasulira. Ulemu umenewu ndinauzolowera mopyola muyeso.

Aneba anabwera Lachiwiri m'mawa, pepalalo atalikulunga m'mpango. Linali ndi timabokosi tiwiri ta madontho akuda, ngati kaja kali kuseri kwa chiphaso cha unzika, ndipo pansi pa kalikonse panali mzere wautali wa zilembo ndi manambala osakanikirana. Chinyezi chinali chitalilowa, ngodya imodzi itayamba nkhungu.

"Mwanayu akuti aimba Lachisanu akaweruka, muchitire limodzi," anatero. "Koma muyambe mwaliona, abambo, maso athu ndinu."

"Lasungidwa molakwika ili, amayi," ndinatero ine ndi mawu aja ndimayankhulira ndikavala magalasi. "Pepala lofunika salisunga limodzi lokha."

Kwathu kuno ndi mmene timachitira. Setifiketi, kalata ya malo, khadi la ubatizo, zonse timachita fotokope katatu n'kuzibisa malo osiyanasiyana, kuti mvula kapena makoswe akadya limodzi ena atsale. Amene wakhala akulalikira zimenezi m'dera lonse ndine. Choncho aneba atabwerera ku tomato wawo, ine ndinavala jekete ija.

Makina a pa shopu ya fotokope anali otopa. Pepala loyamba linatuluka lakuda bii pakati, lachiwiri lopendekeka. Mayi wa pashopupo anaponya awiriwo mu katoni ya pansi pa tebulo, n'kumenya makinawo m'nthiti, ndipo atatu otsatira anatuluka bwino. Ndinathokoza n'kubwerera kunyumba ndikudziyamikira mumtima kuti mayi wamasiye ndamuthandiza.

Masana ndi pamene ndinagula bandulo n'kuyamba kuwerenga za mapepala a mtundu umenewu, kuti Lachisanu ndisadzachite manyazi pamaso pa mwana wa ku Joni. Dongosolo langa ndi limenelo kuyambira kale: kuchita kaye, kuwerenga pambuyo. Ndinapeza kuti kabokosi ka kumanzere ndi adiresi, polandirira chabe, aliyense akhoza kukaona. Ka kumanja ndi kiyi. Munthu amene wakajambula ndi foni, kaya ali ku Bangwe kaya kutsidya kwa nyanja, akhoza kutenga zonse m'mphindi zochepa, ndipo kulibe banki kapena ofesi yokadandaulako. Ndime imeneyo ndinaiwerenga katatu, ndikuyembekeza kuti mwina Chingerezi changa ndi chimene chalakwa.

Ndinabwerera kumsika popanda jekete. Katoni ija inali mbee.

"Mapepala owonongeka amatenga a tchipisi, madala," anatero mayi uja osatembenuka. "Ena amatenga amayi a mtedza. Panali chiyani, kalata ya chibwenzi?"

Pamzere wa ziwaya panali ogulitsa anayi. Kufunsa mwachindunji sindikanatha, chifukwa kunena kuti pepala lakutilakuti ndi lofunika kukanakhala kuitana msika wonse kuti ulifunefune. Ndiye ndinagula tchipisi kwa woyamba ndikusuzumira mulu wa mapepala ake. Nditafutukula ndinapeza mayeso a masamu a Fomu 2. Kwa wachiwiri ndinapeza pulogalamu ya ukwati wa anthu ena a ku Chilomoni. Wachitatu anandiyang'ana nthawi yaitali ndikugwiragwira mulu wake ngati wosankha kaunjika.

"Madala, mukudya kapena mukusaka ntchito? Mavakansi ali m'nyuzi, osati kuno."

Kwa wachinayi ndinapeza lopendekeka lija lili pamwamba penipeni, mafuta atadonthera pangodya. Ndinapempha kuti andikulungire m'menemo, iye n'kuseka kuti aka n'koyamba kasitomala kusankha pepala m'malo mosankha tchipisi. Lakuda lija sindinalipeze. Amayi a mtedza anali atapita kale kukagulitsa m'masiteji a minibasi. Pepalalo linali lakuda pakati pokha. Kabokosi ka kumanja kanatuluka bwinobwino, ndinali nditakaona ndi maso anga likugwera mu katoni. Ndinaima pamenepo ndi mapaketi anayi m'manja, ndikuganiza za denga la mayi wamasiye likuyenda m'tauni litakulunga mtedza.

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri si fotokope ayi, koma mawu amene ndinanena nditafika pakhomo pa aneba. Sindinawauze. Ndinati, "Amayi, ndawerenga, ndipo ndaona kuti zinthu izi sizidikira Lachisanu. Tiyeni timuimbire mwanayo pompano." Ndinanena ngati ndi nzeru zimene ndatola m'mabuku.

Tinamuimbira pa foni yanga, ndipo tinamupeza ali pa nthawi yopuma.

"Ankolo, mwafulumira bwanji? Palibe amene waona pepalalo, eti?"

"Lili bwinobwino," ndinatero. Funso lake sindinaliyankhe, ndipo iye sanazindikire.

Anatitsogolera pang'onopang'ono. Tinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, iye akuyankhula pa foni yanga, ntchito ikuchitikira pa ya amayi ake. Anatchula dzina la pulogalamu ya chikwamayo, n'kunena kuti ndimutumizire kaye chithunzi chake ndisanaitsitse, chifukwa zabodza zofanana nayo n'zambiri. Titaitsegula inatulutsa mawu khumi ndi awiri a Chingerezi, amene ndi kiyi wa chikwama chatsopanocho.

"Amenewo musawajambule, musanditumizire, musawawerenge mokweza. Amayi alembe okha ndi bolopeni. Ankolo, inu muyang'ane kumbali, musakhumudwe."

Sindinakhumudwe. Amayiwo ankalemba chilembo chimodzichimodzi, ine nditayang'ana kudenga kumene kunali pulasitiki wakuda m'malo mwa malata.

Kenako panali njira ziwiri. Ina imangolowetsa kiyi wa papepala m'foni, ndalama n'kukhalabe pamalo akale, moti wina amene ali ndi pepalalo akhozabe kuzitenga. Ina imasesa zonse kupita ku adiresi yatsopano, pepala n'kutsala lopanda ntchito.

"Yosesayo, ankolo," anatero. Ine ndinali nditaisankha kale mumtima pa zifukwa zimene iye sankazidziwa.

Ndinaloza kamera pa kabokosi ka kumanja. Foni inakana kawiri. Kachitatu inawerenga. Ndalama zinaoneka, zonse, palibe amene anali atazikhudza. Panachotsedwa kandalama kochepa kolipirira ulendowo, ndinadina, tinayamba kudikira. Netiweki ya ku Zingwangwa inasankha nthawi yomweyo kuti ipume. Panja kasitomala wa tomato anaodira mpaka kutopa. Patapita nthawi foni inasonyeza kuti zafika ndipo zatsimikizika. Mwanayo anaona kumbali yake kuti adiresi yakale yatsala yopanda kanthu, n'kunena kuti pepalalo tsopano tikhoza kuyatsira mbaula. Amayi ake anandithokoza atagwira manja anga onse awiri.

Kunyumba ndinawotcha mafotokope anayi aja kuseri kwa bafa. Akazi anga anapeza tchipisi chozizira pakhonde, anafunsa kuti tikuyembekezera alendo angati, ine n'kunamizira kuti ndinali ndi chilakolako. Ndalama zinali zitapulumuka, ndipo palibe amene akanadziwa. Komabe masiku atatu ndinkazungulira njira ya kumtunda kuti ndisadutse pakhomo pa aneba, ndipo munthu wina atandibweretsera kalata yoti ndimuwerengere ndinamuuza kuti magalasi asowa.

Loweruka m'mawa ndinapita. Ndinawapeza akusanja tomato pa benchi. Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse: makina otopa, katoni, pepala lakuda limene mpaka lero sindidziwa kumene linathera. Anapitiriza kusanja osandiyang'ana mpaka mulu unaima bwino, kenako anapukuta manja pa chitenje.

"Ndinamva tsiku lomwe lija, abambo. Mmodzi wa anyamata a ziwaya timapemphera naye mphakati umodzi. Anadzandiuza kuti aneba anu ayamba kugula tchipisi kuti aziwerenga mapepala, zotsalazo ndinaganiza ndekha. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, zimenezo tisiye. Koma mwana wanga anakufunsani, inu n'kumuzemba, ine ndili pomwepo. Mumuuze nokha. Lero sapita kuntchito, foni ndi iyi."