Mchere Umene Mng'ono Wanga Anathira M'nyemba

Ndikudziwa kuti ena mukamva nkhaniyi muziti ndathirako tsabola, koma ine mphamvu zopeka nkhani ndilibe, zenizenizo zinanditopetsa kale. Zimene ndikuuzenizi zinachitika pakhomo panga, kufupi ndi ku Fonte Boa, ndipo ndinaziona ndi maso angawa dzuwa likuswa mtengo. Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Amayi athu atamwalira ndinatenga mng'ono wanga kuti azikhala nane, azipalasa njinga kupita ku sekundariya ku Ulongwe. Anali mu desima, kalasi ya khumi, mtsikana wofatsa, wanzeru m'kalasi, koma woganiza kwambiri chibadwire. Ukamudzudzula pa kanthu kakang'ono, iwe n'kuiwala, iye amabwera sabata yamawa kudzafunsa ngati mtima wako unatsika. Ife tinkaseka, tinkati mwanayu ndi waulemu, ndipo ndani akanaganiza kuti khalidwe lotere lingakhale matenda?

Chaka chimenecho m'nyengo yozizira mwana wanga wamwamuna, amene anali atangoyamba kudya ndiwo, anayamba kutsokomola ndi kubanika. Inu mukuchidziwa chisanu cha kuno ku Angonia mmene chimalowera m'mafupa. Azakhali athu atabwera kudzazonda anamuyang'ana mwanayo pachifuwa, n'kupukusa mutu, amvekere uku si kudwala wamba, wina m'nyumba muno wamudula. Kwa inu osadziwa, kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amapempha wina kuti amuthirire, chifukwa akuti akathira yekha odya ndiwozo amadwala mdulo. Azakhaliwo analankhula mmene amalankhulira masiku onse, pakamwa pakuyenda, maso ali kwina, ndipo ine mtima uli pa mwana sindinawalabadire n'komwe. Mng'ono wanga anali atakhala pakhomo akusenda mbatata.

Tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita kuchipatala, anamwino anati ndi chibayo, anamupatsa mankhwala, mwana anachira n'kuyambanso kuthamangitsa nkhuku. Kwa ine nkhani inathera pamenepo.

Koma mng'ono wanga anayamba kusintha pang'onopang'ono, moti sindinganene kuti zinayamba tsiku lakuti. Anasiya kuphika, ati akuwerengera ezame, mayeso otsiriza chaka. Mwana amene ankamubereka tsiku lonse anasiya kumukhudza, akamuthamangira iye ankabwerera m'mbuyo ngati waona moto. Mwanayo akangotsamwa ndi madzi, iye ankatuluka panja, kenako n'kumandifunsa ngati akupuma bwino, ndikayankha n'kufunsanso, ndikayankhanso n'kufunsanso, mpaka mutu wanga kuwawa. Kukacha maso ake ankakhala ofiira, chakudya ankangochigwiragwira, chitenje chake cha kapulana chinayamba kumuzungulira kawiri. Aphunzitsi ake anatumiza uthenga woti m'kalasi amangoyang'ana kukhoma, ndipo pa ezame anapereka pepala loyera.

Nanga anthu alephera kunena? Ena ankati ali ndi pathupi, ena ankati alawa chamba cha m'tauni, ena ankati amulodza chifukwa cha nzeru zake. Amuna anga ankati pali kamnyamata kamene kamukana, zitha zokha. Azakhali omwe aja anabweretsa mizu yofukiza, ine ndinapita naye kutchalitchi. Ndikamufunsa chimene chikumudya, yankho linali limodzi, palibe mana, palibe, poti kwathu kuno mkulu wako wamkazi umamuitana kuti mana. Ndinatopa, abale, ndinatopa ndi kufunsa munthu amene akufota ukumuona koma akuti ali bwino.

Tsiku lina tinali kudimba kukumba mbatata, ogula a ku Domwe atalonjeza kubwera ndi matumba madzulo ake. Tonse tinali komweko, mwana akusewera m'mizere. Dzuwa litafika paliwombo ndinadzutsa mutu n'kuona khasu la mng'ono wanga lili pansi, mwini wake palibe. Ndinaganiza kuti wapita kukamwa madzi, ndiye poti nanenso kukhosi kunali gwa, ndinatsikira kumunsi kwa dimba kumene kuli chitsime chathu chakuya chothiririra mbewu.

Ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa chitsimecho, miyendo ili m'kati. Nsapato zake anali ataziika bwinobwino pambali, kapulana ataipinda n'kuisanjika pamwamba pake. Koma chimene chinandiopsa kuposa zonse ndi nkhope yake. Miyezi yonse ija nkhopeyo inali yokwinyika, koma tsiku limenelo inali yosalala, yodekha, ndipo atandiona anamwetulira. Ine ndinangogwada pansi n'kumuitana dzina lake laubwana.

Anandiuza modekha, ngati akunena za mtengo wa sopo, kuti ndisadandaulenso, wapeza njira yoti mwana wanga akhale moyo. Anati mwana asanadwale, iye anaphika nyemba m'mawa akuthamangira kusukulu, n'kuthira mchere ataiwala kuti ali kumwezi, ndipo wodula mwana amene azakhali ankanena uja ndi iyeyo. Anati kuchira kwa mwanayo n'kwachiphamaso, mdulo umabisala, udzabweranso, ndipo iye akakhalabe m'nyumbamo tsiku lina adzaiwalanso. Anati m'mutu mwake mukulira chigayo chopanda chimanga, usana ndi usiku, ndipo watopa, akungofuna chizime.

Mmene ankalankhula ine ndinkakwawa pang'onopang'ono, ndikumuyankha zilizonse zimene zinabwera pakamwa, mpaka ndinamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri n'kudzigwetsa chagada. Tinagwera m'matope tonse. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi, mtsikana wamkulu ndithu, ndipo m'pamene ndinadziwa mmene anathera. Anayamba kulira mokuwa, akundipempha kuti ndimukhululukire chifukwa chopha mwana wanga, pamene mwanayo tinkamumva kumtunda akuseka ndi abambo ake.

Ndinamuuza kuti ineyo mcherewo ndathira kosawerengeka ndili kumwezi, nanga ndikanaitana ndani ndili ndekha pakhomo, ndipo amuna anga mpaka lero ali nga-nga-nga. Ndinamukumbutsa kuti anamwino anati chinali chibayo. Mukuganiza kuti anamva? Anagwedeza mutu kuvomera, koma patangopita kanthawi anafunsanso ngati ndikutsimikiza. Maganizo akafika pamenepo samva zifukwa.

Kutacha ndinapita naye kuchipatala, ndipo anatitumiza kwa mayi wina amene ntchito yake ndi kuthandiza odwala maganizo. Mayiyo anatiuza kuti awa ndi matenda a nkhawa, si ufiti, si misala, ndipo amagwira atsikana ambiri amene amasunga zinthu mumtima. Ulendo wake unali wautali, chapa lero chapa mawa, kucheza ndi mayiyo, mankhwala, masiku ena abwino, ena obwerera pomwe tinayambira. Sukulu chaka chimenecho inatayika. Chitsime chija amuna anga anachivindikira ndi matabwa.

Pano mng'ono wanga ali pabanja, ali ndi ana ake, amaseka. Koma ndikapita kukacheza iye n'kumaphika, ndimaona dzanja lake likuima kaye m'malere lisanathire mchere, ndipo ndiwo zake nthawi zambiri mchere sukolera. Ine ndimangodya.

Patapita zaka ndinawafunsa azakhali ngati akukumbukira zimene ananena tsiku lija. Anaseka, amvekere iwo sakukumbukira n'komwe, mwina anangolankhula poti wozonda matenda sakhala chete. Ndinawayang'ana, mkwiyo ndinalibe, ndinangomva kutopa. Mawu amene mwini wake anaiwala asanafike n'kwawo komwe, mwana wa amayi anga anawasenza mpaka pakamwa pa chitsime.

Ine sindilimbana ndi miyambo, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Chimene ndikukhulupirira tsopano n'chakuti maganizo amapha monga mmene chimaphera chibayo, kungoti satsokomola kuti anthu amve. Mtsikana akayamba kufunsa chinthu chimodzi kambirimbiri, akasiya kudya ndi kugona, akamangoti palibe, musamuyamikire kuti ndi wofatsa ndipo musathamangire kumunamizira chibwenzi. Khalani naye pansi, mupite naye kuchipatala kusanade. Ndipo inu akuluakulu, musanaponye mawu oti wina m'nyumba muno walakwa, yambani mwayang'ana amene wakhala pakhomo akusenda mbatata.