Beseni langa pa khoma la ku Blantyre

Alamu anga, mkazi wa achimwene, amagwira ntchito yokolopa pa nyumba ina ku Blantyre. Kumeneko anthu amapita kukaona zithunzi zopachika pa khoma, ndipo Loweruka kumachitika zisudzo. Ndi iwo amene anandiimbira foni ndili kumunda kwathu ku Kanduku.

"Alamu, muli pa khoma kuno."

"Khoma liti?"

"La kuntchito kwathu. Inuyo, mwana, ndi beseni lanu lobiriwira lija. Koma zimene alemba pansi pake, bwerani mudzawerenge nokha."

Ndinayamba ndamaliza kukumba mtedza. Lachisanu m'mawa ndinabereka mwana, ndinakwera njinga mpaka pa boma, kenako minibasi.

Chipindacho chinali chachikulu, choyera mbee, benchi limodzi pakati. Anthu ankayenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, ngati akuzonda odwala. Ndinayamba kuona zithunzi za anthu ena. China chinali cha msika mvula ikugwa, ndipo ndinachikonda, chifukwa matope ake anali enieni. Kenako ndinadzipeza. Ndakhala m'mbali mwa msewu wa ku boda, mwana wagona pamiyendo, beseni lili patsogolo lopanda kanthu, ine ndagwira tsaya. Pansi pake panali kapepala ka Chingerezi, ndi Chichewa m'munsi mwake: "Njala ku Mwanza. Mayi alibe chopatsa mwana wake."

Sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma kuwerenga ndimatha. Ndinawerenga katatu.

Tsiku limenelo ndimalikumbuka bwino. Inali nyengo ya manachesi chaka chinacho. Ndinatsika nawo beseni lodzaza mpaka kumanga chitenje pamwamba, ndipo madalaivala a mathiraki opita ku Mozambique anagula onse dzuwa lisanafike paliwombo. Mwana anagona chifukwa anakhuta phala. Tsaya ndinagwira chifukwa dzino linkandiwawa. Tsono mwana wanga adzakula, wina adzamuonetse chithunzichi pa foni n'kumuuza kuti mayi ake anamugoneka ndi njala pamsewu?

Alamu anandinong'oneza, "Chonde musachite phokoso."

"Phokoso sindichita."

Ndinayala chitenje pansi pa chithunzicho, n'kukhala, mwana pamiyendo. Posakhalitsa mlonda anafika.

"Mayi, pano sipokhala. Benchi lili apo."

"Ndakhala pansi pa nkhope yanga, bambo. Ndalanda malo a ndani?"

Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana ine, anayang'ananso m'mwamba. "Aaa!" Anangotero, n'kuchoka.

Aliyense woima kuti awerenge kapepalako ndinkamupatsa moni, kenako n'kumuuza mofatsa: "Uyo ndine. Beseni lilibe kanthu chifukwa manachesi anatha, si njala ayi." Atsikana awiri a sukulu anaseka mpaka kugwirana. Bambo wina wa tayi anachita ngati sanamve. Mayi wina anatulutsa mabisiketi kuti apatse mwana, ine ndinathokoza, ndinati wadya kale mbatata.

Kenako panabwera mayi woyang'anira malowo, wa magalasi ndi nsapato zogogoda.

"Amayi, izi ndi za luso. Wojambula amaona zinthu zimene ife sitiona."

"Zoona, madamu. Waona njala imene ine mwini wake sindinaione. Muitaneni."

"Ndi munthu wotanganidwa. Mwina abwera masana, mwina mawa."

"Mawa ndiliponso."

Ndinakhala. Munthu amene amadikira pa sikelo kuyambira m'mawa, mwana akulira, sangalephere kudikira m'chipinda chozizira bwino. Kuseri kwa khoma a zisudzo ankayeserera sewero la mawa lake. Bambo wina ankabwerezabwereza kuti, "Tuluka m'nyumba mwanga!" ndipo nthawi iliyonse mwana wanga ankayankha, "Ayi!" Ngakhale mlonda uja anaseka.

Cha m'ma thili koloko wojambulayo anafika, bambo wamtali wa chipewa, kamera pakhosi. Ananjuta pambali panga, zimenezo ndimuyamikira.

"Chemwali, pepani. Ine ndimafuna anthu adziwe mavuto a kwanu."

"Mavuto kwathu alipo, achimwene. Koma tsiku limenelo panalibe. Munandifunsa?"

"Ndinali m'galimoto, tinali pa changu."

"Pa changu pomwepo munaona mpaka m'mimba mwa mwana wanga?"

Anavula chipewa, anakanda m'mutu. Kenako anauza madamu aja kuti angochitsitsa chithunzicho, nkhani ithe.

"Ayi," ndinatero. "Chithunzi chisachoke. Mwana wanga watuluka bwino, ndipo beseni nalo laoneka. Chotsani bodzalo basi."

"Ndiye tilembe chiyani?"

"Ndipatseni cholembera."

Madamu anati pamenepo salembapo ndi manja, zonse amatayipa. Ndinati chabwino, atayipe, koma zochokera m'dzanja langa. Ndinalemba pa bondo, pang'onopang'ono, mwana akukoka pepala: "Mwanza, nyengo ya manachesi. Mayi wagulitsa onse. Mwana wakhuta, wagona."

Wojambula anawerenga, n'kufunsa, "Nanga tsayali?"

"Limenelo ndi dzino. Analizula ku chipatala cha ku Thambani. Musalembe."

Madamu anapita ku ofesi n'kubwera ndi kapepala katsopano. Chichewa chinali chomwecho chimene ndinalemba. Chingerezi ndinachiyenda ndi chala, liwu ndi liwu, kufunafuna lija la njala, pakuti limenelo ndimalidziwa. Munalibe. Ndinapemphanso alamu kuti andiwerengere, ndipo anagwedeza mutu kuti zili bwino.

Ndinaimirira pokhapokha mlonda atamata katsopanoko. Madamu ankafuna kulowa ndi kakale kaja ku ofesi, koma ndinatambasula dzanja. Anandiyang'ana kanthawi, n'kundipatsa. Ndinakang'amba pakati, ndinakang'ambanso, n'kuika zidutswazo m'chikwama changa, kuti kasadzabwerere pa khoma ine ndili ku Kanduku.