Yunifomu ya Taonga tinaivala tonse iye asanalembe mayeso

Lamlungu lapitali mlongo wanga anandiuza pamaso pa amayi kuti adzandimanga. Sanakweze mawu, sanasekenso. Mpaka lero mutu wanga sunakhazikike.

Ndiyambe bwino. Taonga ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zinayi. Iye anamaliza giredi 12, ine ndinatsikira pa giredi 9 n'kuyamba kuwotcherera mageti kuno ku Kanyama, mu Lusaka. Zaka zitatu satifiketi yake yakhala ikugona m'sutikesi, mwini wake akukazinga vitumbuwa m'mbali mwa msewu. Chaka chino dzina lake latuluka pa anthu oitanidwa kukalemba mayeso olowera upolisi. Mayesowo ndi Loweruka likubwerali.

Ndiye kwa masabata atatu, ndikaweruka, ntchito yanga yakhala yomufunsa mafunso oyeserera. Ndi mulu wa mapepala a fotokope amene anabwereka kwa mnzake wa ku Matero. Muli masamu, muli Chizungu, muli za dziko lathu, mulinso aja akuti ukanakhala iwe ukanatani. Ine ndimawerenga funso, iye amayankha, kenako ndimasuzumira kumbuyo kwa pepala kumene kuli mayankho n'kugwedeza mutu ngati ndimadziwa kale. Za mabasi awiri onyamuka wina ku Kabwe wina ku Kafue, akumana nthawi yanji, musandifunse. Koma kugwedeza mutu ndimatha.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi tinakhala pakhonde chifukwa pabwalo panali matope. Panali amayi, Taonga, ine, ndi ba malume Yotamu, mlongo wawo wa amayi, amene amayendetsa minibasi ya ku Chawama. Ndikutembenuza mapepala ndinapeza funso limene linandiseketsa. M'chinenero chathu limati: uli pantchito, wapeza m'bale wako akumenya munthu, utani? A, uyang'ane kumbali. B, ukamudzudzule kunyumba. C, umugwire monga ungagwirire wina aliyense.

"C," anatero Taonga.

"Iyayi, siya va pepala," ndinatero ndikuseka. "Tikambe va zoona manje. Wapeza ine, Masauso, mukulu wako."

"C, ba Masauso."

Ba malume anaika kapu ya maheu pansi. "Ati bwanji?"

"Nati C, ba malume. Ndiye nchito yake."

"Amake Masauso, mwamvera mwana wanu? Tilera njoka muno! Ine namutenga mahala, osalipira, mu basi kangati popereka mapepala yake ku tauni? Manje ati C? Chibale ni fupa iwe, sichiola!"

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukudziwa kuti mtima wanga uli pafupi. Ndinaimirira. Makutu anali atatentha kale, ndipo mawu amene ankabwera kukamwa sindingawalembe pano. Koma Taonga anandiyambirira.

"Nkhalani pansi, ba Masauso, nizabwera kuli imwe. Ba malume, imwe mwauza kale kondakitala wanu kuti nikangopasa simuzagula matayala yanyowani, pa rodibuloko muzingotchula dzina langa. Ni boza?"

Ba malume anayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche.

"Amayi, imwe munalonjeza banzanu ba ku kwaya kuti nizapita kuopseza bamuna bao baleke kumwa. Ni boza?"

Amayi anakonza chitenge chimene chinali chokonzeka kale.

"Koma ba Masauso, imwe ndiye mwanisiliza."

Apa ndiyenera kuulula zimene ndinali nditaiwala. Masabata awiri apitawo kunagwa mvula ija ya tsiku lonse. Ba Mulenga, anansi athu a kuseri, ogulitsa malasha, anasanja matumba a mchenga pakhomo pawo. Madzi onse anakhotera kwathu, analowa m'nyumba mpaka m'akakolo, matiresi a amayi ananyowa. Ndinatuluka, ndinaponda matumba aja mpaka kuphulika, ndinawagwira ba Mulenga pakolala. Ndipo ndinawauza kuti, "Lindirani mlongo wanga avale yunifomu, muzagona mu selo imwe!"

Ine ndikakwiya ndimalankhula zambiri, m'mawa mwake ndaiwala. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga sindinaupeze ine. Anaupeza Taonga.

Lachinayi, Lamlungu lija lisanafike, anapita kukatunga madzi pa kiyosiki. Akazi a ba Mulenga anali kutsogolo pamzere. Atamuona anachotsa zigubu zawo kuti iye ayambe. Taonga anakana. Ndiye mayi uja, msinkhu wa amayi athu, anagwada pa simenti yonyowa n'kunena kuti, "Ba ofesa, mukavala mutikumbukire na chifundo. Bamuna banga bali na shuga, mu selo sibangakwanise."

"Banigwadira, ba Masauso," anatero Taonga pakhonde paja. "Pa kiyosiki, banthu bonse baona. Bamayi bamene banali kunipapa kumbuyo pamene amayi banagonekedwa mu chipatala. Nikalibe kulemba olo funso imodzi, koma banthu baniyopa kale. Chifukwa cha kamwa yanu."

Anapinda mapepala onse aja n'kuwaika pambali pa mbaula.

"Amayi, mawa mukolezere moto. Ine sinilemba."

Abale anga, ine ndawonapo zinthu m'komboni muno. Ndawonapo geti imene ndinawotcherera ndekha itabedwa pamodzi ndi zipilala zake. Koma sindinazizidwepo m'thupi ngati tsiku limenelo. Mwana amene wakhala akudzuka m'mamawa kuthamanga m'matope a Kanyama kuti thupi lilimbe, mwana amene anadikira zaka zitatu, akutaya zonse patangotsala masiku asanu ndi limodzi. Masamu sanamugonjetse. Chizungu sichinamugonjetse. Tamugonjetsa ndife, anthu amene timati tikumuthandiza.

Tsopano ndikufunseni inu. Ndi nyumba yathu yokha?

Mwana akalowa unamwino, tonse timasiya kuima pamzere kuchipatala, timangoti ndiitanireni mwana wanga. Mwana akalowa uphunzitsi, malo a ana athu mu giredi 8 timati tapeza kale. Nanga akalowa upolisi? Aa, pamenepo ndiye banja lonse lagula galu wolusa. Woyandikana naye amene anasuntha malire a poloti, landilodi wovuta, mkamwini amene sanamalize malowolo, onse timawalemba m'mutu n'kumati dikirani.

Ndipo tife tomwe, tikakwera minibasi, ndife oyamba kudandaula kuti masiku ano chilungamo chimayang'ana nkhope. Timadandaula mokweza mpaka kondakitala kuiwala kutolera. Koma kukondera kumeneko munthu amakuphunzira kuti? Kusukulu ya upolisi sindinapiteko, sindinganame. Koma mapepala oyeserera aja ndawawerenga masabata atatu, tsamba ndi tsamba, ndi Chizungu changa chopunduka chomwechi. Palibe pamene analemba kuti malume wako azidutsa ndi matayala osalala ngati mutu wa dazi. Palibe pamene analemba kuti mkulu wako akagwira munthu pakolala uyang'ane kumwamba. Pepala limaphunzitsa C. A amaphunzitsidwa pakhonde, ndi anthu amene anakulera, atagwira kapu ya maheu.

Ndipo phunziro la pakhonde ndi lolimba kuposa la pepala, chifukwa pepala silinena kuti ndinakusambitsa uli khanda. Pepala silikana kubwera pa ukwati wako. Pepala silikutcha njoka.

Chimene chandiopsa kwambiri n'chakuti ine ndinkadziwerengera kwa anthu abwino. Ndinkati ndikuthandiza mlongo wanga kuti asathere pa vitumbuwa, asathere pamene ndinathera ine. Anzanga ku shopu ndinkawauza monyada. Koma pansi pa mtima panali kachinthu kena kakuti akangovala, ine Masauso sindidzagwiranso mtima. Ndizingomenya, kumbuyo kuli wanga. Sindinkadziwa kuti kachinthuko kalipo mpaka mvula itakatulutsa.

Lolemba sindinapite ku ntchito m'mawa. Ndinazungulira kuseri kwa ba Mulenga. Kupepesa kwa ine kuli ngati kumeza waya, koma ndinapita. Ndinawapeza akupakira malasha m'timapulasitiki.

"Ba Mulenga, mwauka bwanji?"

"Wabwera na mahandikafu?" anatero osadzutsa mutu.

"Nabwera kupepesa, bakulu. Vamene ninakamba vija ni va ukali chabe. Taonga alibemo. Olo apase, sazakugwirani. Ninalakwa maningi."

Anapukuta manja akuda aja pa thalauza. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu wotopa.

"Iwe mwaiche, mwana iwe, nkhala apa nikuuzeko. Uziba mwana wanga Chanda?"

"Uja mutali, wa bola?"

"Wamene uyo. Naye alemba pa Chibelu, Loweruka lamene ili, mayeso yamene yaja. Tsiku ija unanigwira pakolala, ninangena mu nyumba namuuza kuti, Chanda, uberenge maningi, ukapasa woyamba kumanga ni uja weluda."

Ba Mulenga anapitiriza.

"Manje vuto ni yakuti wanu aberenga, wathu agona. Bakazi banga banaona kuti nkhondo iyi taluza kale, ndiye chifukwa banapita kugwada."

Mwamva? Nyumba ziwiri zogawana khoma limodzi, ngalande imodzi, aliyense akunola mwana wake ngati chikwanje kuti akadule mnzake. Nkhani yake matumba a mchenga! Ndinaseka nawo ba Mulenga. Koma ndinaganiza za holo ya Loweruka, ana mazanamazana atagwira mabopeni, ndipo kumbuyo kwa aliyense kuli banja limene lamupatsa kale dzina la munthu woti akayambe naye. Ana amenewo akuganiza kuti akukalemba mayeso a ntchito. Ife kunyumba tikudziwa kuti tawatuma kunkhondo.

Tinagwirizana kuti tikumbe ngalande imodzi yopita kumsewu, ine ndiwotcherera zitsulo zotchingira zinyalala. Ndinapitanso kwa akazi awo, ndipo ulendo uno wogwada ndinali ine.

Madzulo ndinamufotokozera Taonga zonse, za Chanda zomwe. Ndinkayembekezera kuti aseka. Sanaseke. Anapita kwa amayi kukafunsa mapepala aja. Amayi anali atakolezera kale masamba awiri a masamu, otsalawo anawabisa pansi pa pilo chifukwa dzanja linakana.

Alemba Loweruka. Koma mafunso sakufunanso kuti ndizimufunsa ine. Akumawerengera ku tchalitchi ndi mnzake. Ndipo dzulo, tikudya, anatiuza chimene wasankha.

"Nikapasa, nizapempha Mulungu banitume kutali. Olo ku Shang'ombo, olo ku Kaputa, kulikonse kwamene kulibe munthu aziba dzina ya banja ino. Mu Lusaka sinifuna."

"Nanga ine nikadwala?" anafunsa amayi.

"Nizabwera monga mwana wanu, amayi. Yunifomu nizaisiya kwamene uko."

Amayi anasamba m'manja chakudya chisanathe n'kulowa kuchipinda. Ba malume chichokereni Lamlungu sanapondenso pakhomo. Ine ndinatsala pamenepo ndi mbale yanga. Taonga akalephera, abwerera ku vitumbuwa. Akapambana, tamutaya. Ndipo ndikupemphera kuti apambane.

Inu amene mwana wanu akukalowa m'holo Loweruka, musanamugulire bopeni ndi kumupempherera, khalani naye pansi mumufunse funso lija, muikemo dzina lanu. Akakuyang'anani m'maso n'kunena kuti C, mudzamudalitsabe?