Miyezi Itatu Imene Ndinabisa Kuchipatala

Nkhani iyi sindinaimve kwa munthu ayi, inandigwera ine mwini, ndipo ndikuilemba mmene inachitikira ngakhale kuti mbali zina zikundiwotcha kumaso. Maina sinditchula, ngakhale la chipatala, chifukwa anthu ake alipo ndipo ena timakumana nawo pamsika wa paboma pano tsiku ndi tsiku.

Zaka zingapo zapitazo ndinkayang'anira makompyuta pachipatala china chaching'ono kuno ku Nkhotakota. Ndinali ndekha pantchito imeneyo, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira ukakhala wekha wodziwa chinthu, ukanena kuti zili bwino palibe wokutsutsa, nanga angayambire pati? Mbiri ya odwala onse, matenda awo, mankhwala amene analandira ndi amene thupi lawo limakana, zonsezo zinkakhala mu seva imodzi, bokosi lachitsulo limene linali m'kachipinda kuseri kwa famase, kumene amaperekera mankhwala. M'kati mwa bokosi limodzilo munali timakompyuta tinayi tosaoneka ndi maso, timene ife a ntchitoyi timati ma VM, kena ka odwala, kena ka ku labu, kena ka famase, kena ka maofesi, kalikonse kakugwira ntchito ngati kali ndi bokosi lakelake.

Chipatalacho chinali ndi nthambi yake cha ku Dwambazi, ndipo kumeneko kunali seva yachiwiri imene ntchito yake inali kungodikira tsoka basi. Panali pulogalamu imene inkakopera zonse za paboma n'kumazitumiza ku Dwambazi pakangodutsa mphindi zochepa, n'cholinga choti moto kapena madzi akawononga seva ya kuno, tingodzutsa timakompyuta ta uko, ntchito n'kupitirira ngati palibe chachitika. Alendo akabwera ndinkawafotokozera zimenezi monyadira kwambiri.

Kenako eni pulogalamu ija analengeza kuti yakaleyo asiya kuisamalira, aliyense aike yatsopano. Malangizo awo anali omveka bwino, sindinganamizire kuti anandisokoneza. Anati yatsopanoyo iikidwe mbali zonse ziwiri chifukwa yatsopano ndi yakale sizimvana, mukatero muzilumikizenso, pomaliza mudzutse timakompyuta ta mbali inayo kuti muone ndi maso anu kuti zonse zikufika. Ine ndinayamba Lachisanu m'mawa ndi seva ya paboma, ndipo inatheka bwinobwino nthawi ya swala isanakwane. Nditabwerako kumzikiti ndinayesa kuchita ya ku Dwambazi ndili paofesi pomwepo, koma netiweki ya tsiku limenelo inali yokwawa, imati ikafika pakati n'kuduka, ndiyambenso, idukenso. Zinali zoonekeratu kuti pakufunika kukwera minibasi kukachitira komweko.

Koma Loweruka lake ndi limene amalume anga anakonza zoti tipite kwa Malengachanzi kukaonekera kwa makolo a mkazi amene ndili nayeyu. Ndani akanasiya ulendo umenewo chifukwa cha bokosi? Ndinati ndipita Lolemba. Lolemba m'mawa mayi amene ankatsogolera chipatalacho, munthu wodekha amene ankandikhulupirira ngati mwana wawo, anandiimitsa pakhonde n'kundifunsa ngati ntchito ya Lachisanu ija inatheka. Pakamwa panga panangotuluka kuti eya, zonse zili bwino. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina sindinkafuna kuoneka wolephera, mwina ndinkaona kuti si bodza lenileni poti ndikamaliza sabata yomweyo. Anandipatsa fomu yoti ndisaine, ndipo ndinachonga paliponse, ngakhale pamzere wofunsa ngati ndayesa kudzutsa seva ya ku Dwambazi.

Apa ndi pamene ndinadzitsekera ndekha njira. Ndikanapempha bwanji chilolezo chopita ku Dwambazi kukachita ntchito imene ndasainira kuti yatha? Ndinati ndipeza chifukwa china sabata yamawa, sabata yamawayo inabwera ndi zake, zokonzekera ukwati zinandizinga, mvula inayamba. M'mawa uliwonse pulogalamu ija inkanditumizira uthenga wa zilembo zofiira wakuti kukopera kwaima, ndipo uthengawo unkandilasa mtima ndikangotsegula kompyuta. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaukonza kuti uzingolowa m'foda ina imene sindinkatsegula. Kuyambira pamenepo ndinkamwa tiyi wanga mwamtendere, ndipo miyezi itatu inadutsa.

Tsiku lina chakumasana kunachita mdima kuchokera kunyanja, kunagwa chimvula cha mphepo chimene chinasasula malata a nyumba zambiri. Lata limodzi la pamwamba pa kachipinda kanga linatukuka, madzi anatsikira pa seva penipeni, ndipo pamene ndinkafika ndikuthamanga ndinamva fungo la waya wopsa, timagetsi tonse ta pabokosi titazima. Anamwino anatuluka m'zipinda kufunsa kuti makompyuta atani. Mayi aja anafika atafunda chitenje kumutu, anayang'ana madzi ali thapwi pansi, kenako anandigwira paphewa n'kunena pamaso pa anthu onse kuti pasakhale wodandaula, mwana wathuyu anakonzeratu, zonse zili ku Dwambazi. Anthu anapuma.

M'mawa mwake anandipatsa galimoto ya chipatala, ulendo umene ndinauzemba miyezi itatu. Nditafika ndinadzutsa timakompyuta tija, tonse tinayi tinadzuka bwinobwino, maina a odwala anaoneka, ndipo kwa kamphindi ndinaganiza kuti mwina Mulungu wandiphimba. Kenako ndinayang'ana tsiku limene zinalembedwa zomaliza. Linali Lachisanu lija. Chilichonse chimene madokotala analemba kuchokera tsiku limenelo kunalibe, ana obadwa, zotsatira za ku labu, mankhwala osinthidwa, zonse.

Abale anga, apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Kulephera kumaliza ntchito n'kulakwa, kunama pafomu n'kulakwa kwina, koma pamenepo ndinali ndi mwayi woimba foni imodzi yokha n'kunena kuti musadalire zimene muone pakompyuta, n'zakale. Foni ndinaitulutsa ndithu. Mayi aja atayankha ndinawauza kuti zatheka, anthu ayambe kugwira ntchito. Ndinadzinamiza kuti ndipeza njira yotulutsira zosowazo mu seva yonyowa ija anthu asanazindikire, ndipo anamwino angapo atadandaula kuti sakupeza odwala ena atsopano, ndinawauza kuti zikubwera pang'onopang'ono, netiweki ndi imene ikuchedwetsa.

Tsiku lachitatu chakum'mawa anabwera ndi bambo ena achikulire pa kabaza, msodzi wakale amene timaswali naye mzikiti umodzi, munthu woti anandiona ndikukula. Anali atatentha thupi kwambiri, chifuwa chikulira, osatha kuyankhula zomveka. Anawabweretsa ndi mkamwini wawo, ndipo buku lawo la kuchipatala linali litanyowa n'kuphwanyika ndi mvula yomwe ija, moti anangogula latsopano lopanda kanthu. Chimene mkamwiniyo sankadziwa n'chakuti mwezi umodzi m'mbuyomo bambowa anabayidwa jakisoni wina pachipatala pomwepo, thupi lonse linatuluka zidzolo, ndipo adokotala analemba mu kompyuta chenjezo lakuti asadzabayidwenso mankhwala amenewo. Chenjezo lotero limatuluka lofiira pamwamba pa dzina la wodwala. Koma chenjezolo linapsera limodzi ndi seva, ku Dwambazi silinafike.

Adokotala amene anali pantchito tsikulo anali ena, analemba jakisoni yemweyo. Namwino amene anawabaya, mayi wosamala kwambiri amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, anatsegula dzina lawo pakompyuta monga mwa lamulo, sanaone chofiira chilichonse, anafunsa mkamwini uja, iye anati sakudziwa vuto lililonse. Ine nthawi imeneyo ndinali pakhonde ndikukonza waya, ndipo ndinamva namwinoyo akukuwa kuitana adokotala ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinasuzumira pakhomo. Milomo ya bambo aja inali itatupa, maso atatong'oka, akukoka mpweya ngati munthu womira, manja akupalasa khosi lawo. Kofia yawo inali itagwera pansi, anthu akuiponda pothamanga. Ndinaona nkhope yawo ikusintha mtundu ine ndikuyang'ana, ndipo mumtima ndinadziwa nthawi yomweyo, popanda wondiuza, kuti ngati amwalira pabedi pamenepo wawapha ndine. Adokotala anawabaya jakisoni wina pantchafu, anawaika mpweya, anawabayanso, ndipo patapita nthawi imene kwa ine inali ngati tsiku lathunthu, bambo aja anatsokomola n'kuyamba kupuma.

Masana ana awo anafika. Mwana wawo wamkazi ndi amene anali nawo ulendo woyamba uja, ndiye ankadziwa za chenjezo. Anamupeza namwino uja pakhonde n'kuyamba kumulalatira pamaso pa odwala onse, kuti ndi wakupha, kuti amangosewera ndi foni m'malo mowerenga, kuti adokotala analemba chenjezolo iye mwini akuona ndi maso ake. Namwinoyo ankangobwereza misozi ili m'maso kuti anayang'ana, panalibe kanthu. Palibe anamukhulupirira, nanga onse sankadziwa kuti kompyuta siiwala? Ine ndinali chiimire pomwepo, waya uli m'manja, ndipo sindinatsegule pakamwa. Tsiku lomwelo akuluakulu a chipatala anauza namwinoyo kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhani ifufuzidwe.

Ndinapirira masiku awiri. Chakudya sichinkalowa, poswali ndinkaiwala kuti ndafika pati. Chimene chinandigonjetsa si ubwino wanga ayi, anali mantha, poganiza kuti mwa odwala a miyezi itatu ija alipo angati ena amene chenjezo lawo linasowa, ndipo wotsatira abwera liti. Ndinalowa mu ofesi ya mayi aja, ndinatsegula foda ija n'kuwaonetsa mauthenga ofiira ali ndondondo, limodzi ndi fomu imene ndinasaina. Anawerenga zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anangovula magalasi n'kundifunsa kuti, "Tsiku lija ndinakugwira paphewa pamaso pa anthu, unkadziwa kale?" Ndinati eya. Anatuluka osandiyang'ananso, anakalamula kuti wodwala aliyense azifunsidwa mwatsopano ndipo kompyuta isadaliridwe.

Ntchito sanandichotse nthawi yomweyo chifukwa panalibe wina woti akonze zimene ndinawononga. Anaitana katswiri wina wochokera ku Lilongwe amene anapulumutsako zina mu seva yonyowa ija, zotsalazo ndinazilemba ndekha kuchokera m'makaundula a mapepala, tsamba ndi tsamba, kwa masabata ambiri. Pulogalamu imene ndinaizemba ija tinaiika ku Dwambazi ndi katswiriyo, ndipo sinatitengere ngakhale theka la tsiku. Zonse zitatha ndinalemba kalata yosiya ntchito, ndipo palibe anandiletsa.

Bambo aja atachira ndinapita kwawo ndi amalume anga kukapepesa. Tinawapeza atakhala pamkeka pakhonde, anamvetsera zonse mpaka ndinamaliza, kenako anati moyo ndi wa Allah ndipo tsiku lawo linali lisanakwane, iwo alibe nane mlandu. Koma anawonjeza kuti iwo anavutika mphindi zochepa chabe, amene ndinamuvula ulemu ndi namwino uja, ndipo mwana wawo anapita kale kukamupepesa, nanga ine ndikudikira chiyani?

Ndinapita. Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba yake, ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, za ukwati, za fomu, za foda. Sanasiye kuchapa. Nditamaliza anafinya chovala chimene anali nacho m'manja n'kunena kuti, "Zamakompyuta zanuzo achimwene ine sindikuzidziwa, ndipo aliyense amalakwitsa. Koma pamene ankanditukwana paja munali pomwepo. Ndinakuyang'anani, inu munayang'ana pansi." Anabwerera pantchito, tikakumana amandipatsa moni, koma ndi moni wa munthu wodutsa.

Panopa ndikugwirabe ntchito yomweyi kumalo ena, ndipo chimene ndimakhulupirira n'chakuti seva yodikira tsoka imene sunaidzutse ndi manja ako n'kuona tsiku lake, uiwerenge ngati kulibe. Mwezi uliwonse ndimaidzutsa pali munthu wina woonerera, ndipo amasaina ndi iyeyo, osati ine. Inu amene muli nokha pantchito imene anzanu saidziwa, kaya ndi makompyuta, kaya ndi magetsi, kaya ndi mankhwala, chenjerani ndi tsiku limene mudzafunsidwe ngati mwamaliza pamene simunamalize. Nenani kuti ayi, sindinathe. Adzakuyang'anani moipa tsiku limodzi, mwina awiri, koma simudzaima pakhonde kuonerera munthu wosalakwa akunyozedwa chifukwa cha inu.