Fumbi la a Mbuu

Amuna anga nzeru zawo zimathera m'nyumba za eni. Ntchito yawo ndi yopala pansi pa simenti ndi kusalaza matailosi ndi makina aja a gilayinda, ndipo aigwira zaka pafupifupi makumi awiri. Anzawo amawatchula kuti a Mbuu, chifukwa akamaweruka amakhala atatuwa kuyambira nsidze mpaka zala zakuphazi. Eni akewo dzinalo amalikonda, poti manyazi alibe.

Mutawaona ali pantchito kwa munthu mukhoza kuwaombera m'manja. Amayamba atulutsa mipando, n'kumata mapepala apulasitiki pazitseko, mipata yapansi n'kutseka ndi ziguduli zonyowa. Ali ndi botolo loboola pachitsekero lomwe amadonthezera madzi patsogolo pa makinawo kuti fumbi lisanduke matope, ndipo matopewo amawawola asanaume. Mayi wina anachita kubwera kwathu kudzathokoza kuti ngakhale makatani ake sanade.

Koma masiki, ayi ndithu. Ndawagulira anayi, onse amangolendewera m'khosi ngati mkanda. Akuti amawabanikitsa. Ndikanena za chifuwa chimene akhala akutsokomola zaka zitatu, amati ndi chimfine cha nyengo, akamwa mkaka chitsika. Ndalankhula mpaka malovu kuuma m'kamwa.

Nanga kwathu? Pabalaza pathu panali zitunda moti mwendo wa tebulo tinkauikira kachidutswa ka katoni kuti lisamagwedere. Zaka zisanu ndi chimodzi akungoti mawa, mawa.

Mawalo linakwana Loweruka lina, ine nditapita kukaona achemwali anga. Madzi anali atasiya kutuluka kumpopi kuyambira m'mawa. Wina akanadikira. Iwo anangoti pano ndi pathu, palibe adzadandaule, n'kuyamba kupala pouma, osamata chitseko ngakhale chimodzi.

Fumbilo ndinaliona ndikadali pamsewu, likufuka pawindo ngati nyumba ikupsa. Kulowa m'nyumba, kalanga ine! Mbale, mabulangete, mayunifomu a ana amene ndinasita dzulo lake, zonse zili mbuu. Ngakhale mphaka wathu wakuda anali atamera imvi tsiku limodzi. Makina anali gone pakati pa balaza, akadali otentha. Amuna angawo ndinawapeza atakhala pakhonde lakuseri.

"Abambo inu, kodi ife tinakulakwirani chiyani? Kwa eni ake ziguduli, kwa ife fumbi? Kwa aneba mgolo uli tho ndi madzi, kupempha ndowa imodzi kukanakuthyolani msana? Zonsezi achape ndani?"

Ndinadikira yankho, poti amuna anga mkangano sauphonya, inu mukanena liwu limodzi iwo khumi. Anatsegula pakamwa.

"Amayi... ndimati... mudzapeze..."

Mawu anathera pomwepo. Mapewa ankangokwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira mluzu, dzanja litagwira mzati. Ndinachita mantha, ndinene zoona, ndipo manthawo anangondiwonjezera mkwiyo. Ndinawakalipira njira yonse ya kuchipatala.

Anagonekedwa masiku anayi. Ine masana ndinkakhala nawo, m'mawa ndikupukuta makoma ndi nsanza yonyowa, chifukwa tsache limangolidzutsa fumbilo. Tsiku lotuluka, adokotala, mayi wachitsikana wolankhula mofatsa, anatiwonetsa chithunzi cha m'chifuwa mwawo. Mapapo onse awiri anali ndi timadontho toyera. Anati si za Loweruka lokha ayi, ndi fumbi la zaka zonsezi.

"Ndiye mulichotsa bwanji, adokotala?" ndinafunsa. Ndinkaganiza kuti pali mankhwala otsukira.

"Silichoka, mayi. Chomwe tingathe ndi kuti lisawonjezereke. Makina aja awasiye."

Amuna anga anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Ndinati mumtima, samva uja lero wamva, nkhwangwa ili m'mutu. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ntchito ina saidziwa. Kenako anadzutsa mutu.

"Pepani adokotala, kunyumba kuja kuseri kwa chitseko kwatsala kamalo kakang'ono, sikakwana mita. Nditathira madzi ambiri, n'kuvala masiki..."

"Mukangowakhudza makina amene aja, manjawo ndithyola ndine!" ndinakuwa, anthu onse m'wodimo n'kucheuka.

Ndinatola chikwama chawo n'kutsogola kutuluka, chifukwa sindinafune kuti aone kuti ndikulira.