Kukabwezera mawu galimoto ya bambo

Ndinanyamuka pa Khombedza Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa pa galimoto yachikale imene malemu bambo anandisiyira. Kumpando wakumbuyo kunali ekizozi yake yakale, dzimbiri lokhalokha. Bwenzi nditaitaya kalekale, mwayi wake mkazi wanga anali atatchingira nayo khola la nkhuku.

Amayi anga ku Lifuwu saonanso, ndipo galimotoyi ankaidziwira kulira kwake. Ine ndi nzeru zanga zauphunzitsi ndinaikitsa ekizozi yatsopano ya m'sitolo. Galimoto inangoti zii, pamchenga n'kumafookanso. Nditapita nayo kumudzi amayi anati, "Iwe Limbani, wagulitsa galimoto ya abambo ako. Ukundinamiza poti sindiona." Ndinawagwiritsa chitseko, ndinalumbira, koma ayi ndithu. Chichokereni tsikulo sankayankha foni yanga, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Pa Kaphatenga ndinaima kugula chinangwa chophika. Mayi wogulitsayo anayang'ana galimoto n'kufunsa, "Agogowa akuyendabe?" Ndinati akuyenda, tikupita nawo kuchipatala.

Ku Salima ndinafika 8 koloko itakwana. Wakabaza wina, pa K500, ananditsogolera kuseri kwa msika kwa a Saidi, bambo wachikulire wowotcherera zitsulo pansi pa mtengo wa mango. Nditawafotokozera zonse sanagwire sipanala.

"Tayerekezani ndi pakamwa mmene inkalirira, aphunzitsi."

Abale inu, ine munthu woopedwa ndi ana a Sitandade 8 ndinaima pamenepo n'kumati bu-bu-bu-bu, amayi ogulitsa usipa akugwa nako kuseka. A Saidi anamvetsera atatsinzina, kenako anatembenuza ekizozi yakale ija.

"Paipi iyi ndi ya pa mjigo," anatero. "Abambo anu anakulitsa njira kuti injini izipuma bwino pamchenga, sailensa n'kuifupikitsa. Inu munadzaitseka pakhosi."

Anadula pomwe panawola, n'kuwotchererapo chidutswa cha paipi ina yofanana nayo. Titaimangirira n'kuliza galimoto, anapukusa mutu. "Ikulira chachinyamata." Anamasulanso n'kutalikitsa paipi pang'ono, osayeza ndi tepi, kungoyeza ndi chikhatho. Masana anapita kukaswali, ine ndinadya chipisi cha tsabola wambiri, mtima uli m'mwamba. Atabwerako tinalizanso kachiwiri. Mawu anatuluka okhuthala, odekha, omwe aja tinkathamangira kumsewu tili ana. Misozi inalengeza, ndinanamizira utsi.

"Alihamdulilahi," anatero a Saidi. "Koma mayesowa akachonga ndi amayi anu."

Cha m'ma 3 koloko ndinalowa msewu wa ku Senga Bay, n'kukhotera wafumbi wa ku Lifuwu. Pamchenga pomwe mwezi watha anachita kundikankha anthu asanu, ndinadutsa pa giya yachiwiri osatitimira. Minda ya mpunga inali itabiriwira mbali zonse, koma sindinaisangalalire. Ndinkangoganiza kuti amayi akakananso lero ndilibenso pogwira.

Ndisanafike n'komwe pa mtengo wa bwemba wa pakhomo pathu, ndinawaona akutuluka pakhonde, dzanja limodzi likupapasa khoma, lina likukonza duku. Umu ndi mmene amayiwo ankachitira, bambo akamabwera kuchokera kuntchito. Ndinaima, n'kufikira pa kiyi.

"Usazimitse," anatero amayi. "Isiye ilankhule kaye."

Ndinatsika n'kuwagwira mkono mpaka pa boneti. Anaikapo chikhatho n'kutchera khutu. Nditaimirira pamenepo ndinathokoza mumtima a Saidi ndi makutu awo, mkazi wanga ndi khola lake, komanso bambo amene luso lawo ine ndinaliyesa chitsulo chotaya.

Kenako amayi anachotsa dzanja pa boneti n'kufufuza nalo nkhope yanga, likadali lofunda.

"Limbani mwanawe," anatero, "wadya koma?"